Madokotala a Kuseri kwa Chigafa

Bambo Gladson Kamwaza, mlimi wa fodya wa kufupi ndi Nsaru, anasiya kupita kuchipatala kukapimitsa matenda awo a shuga. Ankati apeza madokotala ena abwino, osaimitsa munthu pamzere, osadyetsa ndalama kwa akabaza. Madokotalawo anali nyerere za kuseri kwa chigafa chawo.

M'mawa uliwonse bambowa ankapita kuseriko kukataya madzi, kenako n'kunjuta pomwepo ngati munthu wodikira kuti nkhuku iikire dzira. Nyerere zikathamangira mkodzowo, ankadziwa kuti shuga wakwera ndipo ankamwa mapilitsi. Zikapanda kubwera, mapilitsi ankagona m'thumba la jekete. Tsono kuyambira pamene anakonza chigafacho mvula isanayambe, sikunabwerenso nyerere ngakhale imodzi.

"Ndachira, mayi a Tionge," anatero kwa akazi awo, a Benedeta, uku akuthira shuga wa supuni yodzaza mu tiyi. "Nyerere zandikana. Mkodzo wanga tsopano ukuchita thovu lokhalokha, chizindikiro cha mwamuna wa mphamvu."

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi," anayankha a Benedeta.

Mayiwa sankaseka nawo. Mlongo wawo Jonasi nayenso anali ndi shuga, ndipo nayenso ankati ali bwinobwino, mpaka tsiku limene mapazi anakana kulowa m'nsapato. Atafika kuchipatala chachikulu m'tauni anauzidwa kuti impso zake zasiya ntchito. A Benedeta ndi amene ankamuperekeza ku makina osefa magazi, ndipo ndi amenenso anabwerera naye kumudzi ali m'bokosi. Ankaopa kwambiri kuyendanso msewu womwewo ndi amuna awo.

Choncho ataona a Eunice, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, akuchokera kusikelo ya ana, anawaimitsa pamsewu. "Tapatukani, amayi, mudzaone anzanu ogwira nawo ntchito," anatero.

A Gladson anawalandira a Eunice ndi chimwemwe, n'kuwatsogolera kuseri kwa chigafa monyadira. Analongosola zonse, mpaka ndi malo enieni amene amaimirira. A Eunice anamvetsera mwaulemu, ngakhale milomo yawo inkanjenjemera pofuna kuseka.

"Kodi madokotala anuwa munawaona liti komaliza, bambo?" anafunsa.

"Kalekale. Angabwere kudzatani kwa munthu wochira?"

Apo a Benedeta anapita kukhitchini, n'kubwerako ndi shuga wa m'paketi. Anatapa n'kuthira pansi, pamalo omwewo. Anthu atatu akuluakulu anaima chilili kuyang'ana dothi. Anadikira. Tambala anadutsa, n'kuwayang'ana modabwa. Nyerere kunalibe.

"Mwina zakhuta," anatero a Gladson, mawu atachepa.

"Bambo a Tionge, paja pokonza chigafachi munkadandaula kuti chiswe chikudya nsanamira, eti? Munathirapo chiyani pansi ponsepa?" anafunsa a Benedeta.

Apo a Gladson anakumbukira. Anali atapopera mankhwala ophera tizilombo kuzungulira chigafa chonse, ndi manja awo omwe, mpaka kubwereza kuti chiswe chimve bwino.

"Ndiye kuti madokotala anu munawapha nokha," anatero a Benedeta. "Miyezi yonseyi mwakhala mukufunsira matenda kumanda."

A Eunice analephera kudzigwira, anaseka mpaka kutsamira nsanamira. Koma atapukuta misozi analankhula mofatsa. "Bambo, ngakhale zikanakhala zamoyo, nyerere zimangodziwa zotsekemera. Za impso zanu sizidziwa kanthu. Thovu mukulinyadiralo nthawi zina limatanthauza kuti impso zayamba kudontha. Sindikunena kuti ndi choncho, sindingadziwe ndi maso. Pitani akakupimeni mkodzo ndi magazi."

"Koma sindikumva kupweteka paliponse."

"Jonasi ankatero," anatero a Benedeta chapansipansi. Ulendo uno palibe amene anaseka.

Tsiku la odwala shuga litafika, awiriwo anakwera kabaza. A Gladson, posafuna kuti achipatala awayese munthu woumira, ananyamula mkodzo wodzaza kachigubu ka mafuta ophikira, atakakulunga bwino m'chitenje cha akazi awo. Namwino anakayang'ana kachigubuko, n'kuwayang'ana iwo.

"Agogo, sitikufuna wothirira dimba," anatero, n'kuwapatsa kabotolo kochepa ngati chala.

Zotsatira zitatuluka, dokotala wina wamkazi anawaitanira m'chipinda onse awiri. Shuga anali atakwera kwambiri. Magazi nawonso ankathamanga mopitirira.

"Amayi, sefa yanu ya ufa ikayamba kung'ambika, mumadziwa bwanji?" anafunsa dokotalayo.

"Gaga amayamba kugwera mu ufa," anayankha a Benedeta.

"Impso zilinso chimodzimodzi. Zimasefa magazi, zoipa n'kutuluka ndi mkodzo, zabwino n'kutsala m'thupi. Shuga akakhala wokwera kwa zaka, amawononga timabowo ta sefayo pang'onopang'ono, ndipo kuthamanga kwa magazi kumawonjezera. Poyamba mapuloteni, chakudya chomanga thupi chija, amayamba kutayikira mu mkodzo. Izi n'zimene tapeza mwa bambowa. Nthawi imeneyi munthu samva kanthu, amalima, amadya, amavina. Zikapitirira, impso zimafooka, mapazi ndi nkhope zimatupa, munthu amangotopa ndipo chakudya sichikoma. Ambiri amabwera pamenepo, sefa itatha kale."

A Gladson anayang'ana mapazi awo mwakabisira. "Ndiye ine ndatha, adokotala?"

"Ayi. Impso zanu zikugwirabe ntchito bwino. Mwabwera bowo likadali laling'ono. Sitingalonjeze kuti zibwerera mwakale, koma tikhoza kuchedwetsa kuwonongekako kwa zaka zambiri, mukatithandiza."

A Benedeta anapumira m'mwamba, n'kubisa nkhope m'chitenje. Anali atasunga misozi imeneyo kuyambira pa maliro a Jonasi.

Dokotala anawapatsa mankhwala a shuga, ndi ena otsitsa kuthamanga kwa magazi amene amatetezanso impso. Anati azimwa tsiku lililonse, kaya akumva bwino kaya ayi. Anati mchere uchepe mu ndiwo, ndipo kambale ka mchere wowonjezera kachoke pamphasa.

"Nanga msana ukapweteka posankha fodya mumamwa chiyani?"

"Burufeni wa pagolosale. Awiri m'mawa, awiri madzulo."

"Ameneyo musiyeni, amalemetsa impso. Mukamva kupweteka bwerani tikupatseni woyenera. Mankhwala a m'mabotolo ogulitsa pamsika, oti amatsuka m'thupi, musawakhudze. Fodyayo muzilima, koma kusuta ayi."

Kunyumba zinthu sizinali zophweka. A Gladson ankadandaula kuti nkhwani wopanda mchere wambiri akukoma ngati udzu wofolerera, ndipo tsiku lina anagwidwa atabisa mchere m'bokosi la machesi. Koma a Benedeta sanagonje, ndipo lilime linazolowera. Tsiku la kuchipatala silinkawaphonyanso.

Fodya atagulitsidwa, anakapimitsanso mkodzo. Mapuloteni anali atachepa, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zili m'malo mwake. Pobwerera anakumana ndi a Eunice pamsika wa Nsaru, ndipo a Gladson anawauza nkhaniyo mokweza kuti ogulitsa tomato onse amve.

"Nanga madokotala aja?" anafunsa a Eunice.

"Anabwerera! Koma ndinawachotsa ntchito. Pano akungondithandiza kumaliza shuga wa m'paketi, poti ine ndinamusiya." Anaseka, kenako anayang'ana akazi awo. "Mayi awa anaperekeza kale munthu mmodzi ku makina aja. Ine sadzandiperekezako chifukwa cha nyerere."

Ngati muli ndi matenda a shuga, musadikire kupweteka kapena kutupa, chifukwa impso zimayamba kuwonongeka mwakachetechete. Pitani kuchipatala akakupimeni mkodzo ndi magazi kosachepera kamodzi pachaka, imwani mankhwala anu tsiku lililonse, ndipo chepetsani mchere. Sefa imasokedwa bowo likadali laling'ono.