Injini ya Boti la Apongozi

Mkamwini anali atagwada m'boti la apongozi ake kuyambira m'mawa, manja ali bii ndi oilo. Injini anali ataiphwasula yonse, zitsulo ataziyala pachiguduli motsatana kuti pobwezera asasokoneze. Apongoziwo, nkhalamba yokulira pamadzi, ankangoyendayenda pamatabwa a padoko. Akakhala pansi, adzuke. Akadzuka, asuzumire m'botimo.

Sabata yathayo injiniyo inazima pakati pamadzi, utsi uli tolotolo, mpaka nkhalambayo inachita kukokedwa ndi boti la anzake. Mwana wawo wamkazi, mkazi wa makanikoyu, ananeneratu poyera. Ikakhala kuti injini yafa yokha ndi ukalamba, aikonze, bambo azipita. Koma akakhala kuti aipha ndi iwowo, za pamadzi zithere pomwepo.

"Mwapeza chiyani, akamwini?"

"Yapsa, bambo. Gasiketi yaphulika, maringi akakamira kumapisitoni. Inatentha kwambiri."

"Inatentha ndi chiyani? Oilo ndimathira ndekha. Injini iyi ndi yaikulu kwa mkazi wanuyo, koma sinandichititsepo manyazi."

"Chimenecho ndiye chikundisowetsa mtendere."

Ntchito inatenga masiku. Mutu wa injini unali utapindika, anakaupalitsa kutauni. Anatsuka chilichonse m'dizilo, naika maringi atsopano, ndipo mabawuti anamanga pang'onopang'ono kuyambira pakati kupita kunja. Nkhalamba inkafika iye asanafike, n'kumamupatsa sipanala yomwe sanaitanitse.

"Bambo, asiyeni anzanu agwire ntchito," ankatero mwana wawo akabwera ndi tiyi. "Mukungoti uku, uku, ngati nkhuku yofuna kuikira."

"Iwe samala tiyi wakoyo. Unabadwa botili lili kale pamadzi."

Tsiku loiliza, injini inatsokomola, kenaka inagwira. Nkhalamba inaomba m'manja.

"Mwamva? Mawu ake omwe aja!"

Koma mkamwini anali ataweramira kumbuyo kwa boti, maso ali paekizozi. Injini ya boti imamwa madzi kunsi kuti izizizira, n'kumawalavula pamodzi ndi utsi. Apa panali pouma gwaa. Anathamanga n'kuizimitsa.

"Mwazimitsiranji?"

"Siikumwa madzi. Tikailekerera ipsanso."

Anatsegula pampu, anapeza ili bwino. Anazula paipi yobweretsa madzi n'kuuzira ndi pakamwa, koma mpweya unabwerera m'masaya. Apo anavula malaya n'kutsikira m'madzi. Anamira, napapasa kunsi kwa boti kufunafuna kachitsulo ka timabowo kolowera madzi. Anakapeza, koma timabowo panalibe. Panali posalala see. Anakanda ndi chikhadabo, ndipo atavuuka anaona kachibenthu kobiriwira pachala.

Anakumbukira. Injini isanafe, apongozi anakokera botilo kumtunda n'kulipaka penti yobiriwira okha, mobwerezabwereza, akukana aliyense wofuna kuwathandiza.

"Mwapeza chiyani inu?" anafunsa mkazi wake ali padoko.

Mkamwini anabisa dzanja m'madzi. "Aa, ndere chabe. Zinangotseka."

"Bweretsani dzanjalo kuno, akamwini," inatero nkhalamba.

Sakanakana. Apongozi anagwira chalacho, nachibweretsa pafupi ndi maso, pafupi kwambiri. Kenaka anatenga kachibenthuko, nakafikisa, nakanunkhiza.

"Ndere sizinunkha chonchi."

Madzi ankangomenya m'mbali mwa boti.

"Timabowo tija sindinatione," anatero apongoziwo motsitsa mawu. "Ndinkangoona thabwa lokhalokha." Anapisa m'thumba natulutsa msomali. "Kabooleni."

Mkamwini anamiranso kangapo mpaka timabowo tonse titatseguka. Ataliza injini, ekizozi inayamba kulavula madzi, pfu pfu pfu. Nthawi ino nkhalamba sinaombe m'manja. Inazimitsa yokha, n'kuzula kiyi, n'kumaitembenuza m'dzanja. Mwana wawo anayang'ana kumbali, akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Tenga," anatero bambo ake. "Unanena, ndipo ndamva. Maso andithawa. Koma makutu alipo. Injini iyi ikamadwala ndimaimva isananene. Uziwongolera iweyo, ine ndizikhala pambali pake."

"Ine? Chiwongolero ndinachisiya ndili mtsikana."

"Anakuphunzitsa ndani? Lowa."

Mayiyo anayang'ana mwamuna wake. Mwamunayo anangoweramira pansi n'kuyamba kumasula chingwe.

Boti linachoka padoko mokhotakhota. Nkhalamba inakhala pafupi ndi injini, dzanja lili pachivundikiro, khutu litapendekera. Posakhalitsa inadzuka kukasuzumira kuekizozi. Madziwo sinawaone bwino, choncho inatambasula mkono mpaka anaimenya pachikhatho.

"Bambo, khalani pansi, mukugwedeza boti!"

"Ndakhala, ndakhala."

Anakhaladi. Asanafike patali anali atadzukanso.