Salimo Latsopano pa Manda a Namfamo

Aise, sendera kuno umve za kwathu ku Tabraka.

Rogato anali atangowerenga mzere umodzi pa manda a bambo ake pamene azakhali ake, a Satunina, anaika chikho cha vinyo pansi.

"Iwe, ukuwerenga chiyani?"

"Salimo, azakhali."

"Salimo lakuti? Achimwene anakalamba akuliwerenga, silinamvekepo chonchi!"

Malemu a Namfamo, bambo a Rogato, ndiwo ankawerenga malembo m'tchalitchi mwathu. Bishopu anauza Rogato kuti ntchitoyo ikhala yake, bola aziwerenga Chilatini chatsopano, chimene munthu wina ku Betelehemu wamasulira kuchokera ku Chiheberi. Dikoni Kresikonio anatumidwa kudzamvetsera, ndipo anali pompo, akusankha minga m'nsomba ya pamaliro.

Rogato anayambiranso. Mzere wachiwiri, anthu anaukonza. Wachitatu, anaukonza mokuwa. Nkhalamba ina yogontha inaukonza asanauwerenge n'komwe.

"Abale, tanthauzo ndi lomwelo!" anatero Rogato, thukuta lili kamukamu. "Ili ndiye lolondola!"

"Ndiye ife takhala tikupemphera zolakwika?" anafunsa azakhali. "Ana anga ndinawaika m'manda ndi zolakwika?"

"Sindinatero."

"Wa ku Betelehemuyo anawaonapo bambo ako? Abwere adzawerengere ake!"

Rogato anayang'ana dikoni. Dikoni anayang'ana nsomba.

Mayi a Rogato, a Donata, anathira vinyo pang'ono pa kabowo ka mwala wa manda, monga timachitira, nkunena osadzutsa mutu: "Mwanawe, werenga chimene ukufuna. Koma ine lero ndimafuna ndiwamve bambo ako."

Rogato anapumira m'mwamba, nkutseka buku. Ntchito ija inapita pomwepo, iye akudziwa.

Anayamba salimo lakale la pamtima. Atamaliza mzere woyamba anaima, nkukweza chala chimodzi monga ankachitira bambo ake, maso ali kumbuyo kwa gulu kumene kumakhala okalamba ochedwa kuyankha. Sanapitirize mpaka mawu a nkhalamba yomaliza atafika. A Namfamo sankasiya munthu m'mbuyo pa salimo, ngakhale bishopu atsokomole chotani.

A Donata anagwira pakamwa. Manda onse anali zii, kudikira chala chija chitsike.

Nanga kwanu, aise, pamaliro munakanganirapo mawu ati? Tandiuze, usabiseko za azakhali.