Ndiwo Zoluma za Mayi Rawat

Dixon anatsamiritsa khasu kumpanda n'kupukuta thukuta ndi mkono wa juzi. Kuseri kwa nyumba ya Mayi Rawat tsopano kunali mbee, dothi lokhalokha ngati bwalo la munthu wodziwa kusesa. Matumba akuda odzaza zinyalala anali atawasanja bwino pakona. Anadziyamikira yekha mumtima, poti panalibe wina womuyamikira.

Khasulo anachoka nalo ku Dedza m'sutikesi, lopanda mpini, ndipo mkazi wake Felista ataliona anaseka mpaka misozi. Chifikireni ku Handsworth, dera lina la Birmingham, chaka chathacho, linkangogona pansi pa masitepe. Felista ndiye anali pantchito, namwino pachipatala chachikulu cha mumzinda wa Birmingham. Dixon, amene kwawo anali mphunzitsi wamkulu, woti akalowa m'kalasi ana onse nji kuimirira, kuno ntchito yake inali kuperekeza mwana wawo Thandi kusukulu n'kubwerera kudzaonerera mvula pawindo.

Mumsewu wonsewo munthu mmodzi yekha ndiye ankamupatsa moni womuyang'ana kumaso. Anali Mayi Rawat a khomo loyandikana, mayi wamasiye wochokera kumapiri a kumpoto kwa India. Moni wa m'mawa uliwonsewo unkamusunga Dixon, ngakhale sakanavomera zimenezo pagulu. Ndiye poona kuseri kwa mayiwo kutamera chitsamba cha masamba aubweya, choluma ngati chitedze, zinamukhudza. Mkazi wamasiye angakhale bwanji m'tchire mwamuna ali pafupi? Lachinayi limenelo mayiwo atakwera basi ya kutauni, iye anadumpha kampanda n'kuzula chonse ndi mizu yomwe.

Chitseko chakuseri chinatseguka. Mayi Rawat anaima pakhomo, jumbo ya zogula ili m'manja. Dixon anavula chipewa, akumwetulira, kudikira zikomo.

Jumbo ija inagwa pansi. Anyezi anagubuduka mpaka pamapazi pake.

"Kandali wanga," anatero mayiwo chapansipansi, kutchula chitsamba chija m'chinenero chawo. Anayenda mpaka pakati pa dothi lija, n'kutembenuka uku ndi uku ngati akufuna mwana wosochera pamsika. Sanakalipe. Anangokoka nsalu yawo kuphimba kumaso, kulowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Madzulo Felista atabwera kuntchito n'kumva nkhaniyo, anakhala pampando nsapato asanavule.

"Bambo a Thandi, mwati mwazula zonse?"

"Udzu, mayi. Udzu woyabwa. Taonani mikonoyi."

"Udzu wake uti? Zija ndi ndiwo zawo! Amazisamala chaka chonse. Loweruka lino mng'ono wawo akufika pa eyapoti, zaka zambirimbiri asanaonane. Wiki yonseyi akhala akundiuza kuti amuphikira zimenezo. Inu osafunsa bwanji?"

"Munthu angadye bwanji chinthu choluma?"

"Nanga Mzungu atabwera kwathu n'kutchetcha bonongwe ndi chisoso kuseri kwa amayi anu, ati akukonza pabwalo, mungamuthokoze? Safunsa anadya phula, bambo."

Mawa lake Dixon anatuluka ndi mwana nthawi ya masiku onse, koma katani ya khomo loyandikana sinagwedezeke. Pobwerera anayenda pang'onopang'ono, anakhosomolako dala pageti, koma kunali zii. Zinamupweteka kuposa mmene ankaganizira. Mtima wina unkamuuza kuti iye, mphunzitsi wamkulu, sangakagwade chifukwa cha udzu, pomwe cholinga chake chinali chabwino. Mtima winawo unkangomufunsa kuti: ndiye mawa akupatsa moni ndani?

Loweruka m'mamawa anatenga thumba n'kulowera kungalande zakale za mabwato, kumene ankapita kukawongola miyendo akatopa ndi nyumba. Chitsamba chija kumeneko chinali mbwee, chopanda mwini. Anavala majumbo m'manja, koma sanachedwe kung'ambika, ndipo anapitiriza ndi manja okhaokha monga amathyolera nkhwani amayi a kwawo. Azungu othamanga m'mbali mwa madzi ankamucheukira. Mmodzi anaima n'kumufunsa ngati zonse zili bwino. Dixon anati zili bwino, misozi ikulengeza m'maso.

Pamene ankagogoda kwa Mayi Rawat, zala zake zinali zitatupa ngati chinangwa chophika.

"Mayi, ndinalakwa. Kwathu pakhomo pa munthu wolemekezeka sipamera kanthu. Sindinadziwe kuti ndi dimba."

Mayiwo anasuzumira m'thumba, kenaka anayang'ana manja aja. Pakamwa pawo panayamba kunjenjemera, ndipo Dixon anaganiza kuti alira. Koma kunali kuseka.

"Ndi manja? Mwathyola kandali ndi manja? Ngakhale mbuzi za kwathu zimayamba zaganiza! Lowani, bambo, lowani."

Anamukhazika pampando m'khitchini n'kumupaka mafuta a mpiru m'zala. Kenaka anakhuthulira thumba lija patebulo n'kuyamba kusankha ndi chopanira chachitsulo. Theka lonse analitaya, ati ndi lokhwima. Zofunika ndi nsonga zanthete zokha.

Dixon anaiwala ululu n'kumangoonerera. Mayiwo ankapana kamtolo ka masamba, kukadutsitsa palawi la moto kamodzi, ubweya uja n'kuthetheka. Anawawiritsa mumphika wachitsulo wakuda, kuwatibula mpaka anasalala, n'kuwazamo kaufa ka mpunga. Pambali anatenthetsa mafuta, kuponyamo adyo ndi timbewu takuda tating'onoting'ono timene tinathetheka ngati chimanga chokazinga, ndipo fungo lake linadzaza nyumba yonse. Manja awo sankathamanga komanso sankaima. Mumphika wina munkabwata nyemba zakuda zimene anazikazinga kaye zisanaone madzi.

"Ife amatitcha Apahadi, kutanthauza anthu a kumapiri," anatero akuvundula. "Kwathu minda ndi timasitepe m'mbali mwa phiri. Chimene phiri lakupatsa, umadya chomwecho, ngakhale chikhale choluma. Amayi anga anali ndi kachisakasa m'mbali mwa njira yokwera kumtunda. Apaulendo ankafika miyendo ikunjenjemera, milomo itauma ndi chisanu. Sitinkafunsa dzina. Munthu amayamba wadya, dzina limabwera pambuyo."

Anatsegula chitini n'kutapa ufa wofiirira. Dixon anaweramira pafupi, kununkhiza, n'kudzidzimuka.

"Awa ndi mawere!"

"Ife timati manduwa," anatero mayiwo.

"Mawere, mayi! Kwathu timathira m'thobwa."

Anakangana mwachimwemwe za dzinalo, aliyense akuti mbewuyo ndi ya kwawo. Mayi Rawat anakanda ufawo ndi madzi ofunda, n'kumaumba timikate tathyathyathya pakati pa zikhatho, phaphapha, kenaka pachiwaya. Ufa wa mawere sugwirana ngati wa tirigu, umangofuna kusweka, koma m'manja mwawo unkamvera. Dixon anaganiza za akazi a ku Dedza opeta mawere palichero, ndipo kwa nthawi yoyamba kukumbuka kwawo sikunamulemere pachifuwa.

Masana galimoto inaima panja. Mng'ono wa Mayi Rawat, dzina lake Deepa, anatsika atafunda shawelo, wochepa thupi, wotopa ndi ulendo. Awiriwo anakumbatirana pakhomo nthawi yaitali, akulira ndi kuyankhula chinenero chawo nthawi imodzi. Dixon anaona kuti ntchito yake yatha. Anatola chipewa n'kuyamba kuzemba cha kukhomo lakuseri, poti chakudya cha abale mlendo salowerera.

"Mukupita kuti?" anafunsa Mayi Rawat.

"Kunyumba, mayi. Muli ndi mlendo."

"Khalani pansi."

Anayala mbale ziwiri zamkuwa, imodzi patsogolo pa Deepa, ina patsogolo pa Dixon. M'mbale iliyonse anaikamo timikate ta mawere topaka mafuta a mkaka, nyemba zakuda, ndi ndiwo zija, zobiriwira kwambiri ngati munda wothiridwa manyowa. Iwo eni sanadziikire mbale. Anaima pambali atapinda manja.

"Kwathu wapaulendo amadya poyamba, mwini nyumba pambuyo," anatero. "Uyu watsika ndege lero. Inu munatsika chaka chatha, ndakhala ndikukuonani pawindo paja. Alipo anakukhazikani pansi n'kukuuzani kuti mwafika?"

Dixon anakumbukira tsiku limene anafika: Felista anamulandira pabwalo la ndege atavala kale yunifolomu, n'kumusiya m'nyumba ndi makiyi, iye n'kuthamangira basi ya kuntchito. Panalibe wolakwa. Kungoti palibe anamulandira chikwama, palibe anamufunsa za kumene wachoka.

Deepa anamuyang'ana, n'kumulozera mbale ndi chibwano kuti ayambe limodzi. Dixon ananyema kamkate ndi zala zake zotupazo, movutikira, n'kupisa m'ndiwo. Zinali zofewa, zonunkhira utsi ndi adyo, zotenthetsa mpaka m'mimba. Anatafuna pang'onopang'ono, mutu uli pansi, kuti amayi awiriwo asaone m'maso mwake.

"Mwafika, bambo," anatero Mayi Rawat, akumuwonjezera nyemba. "Idyani."