Bambo, Mudikire Panja

"Bambo, inu mudikire panja pang'ono," anatero loya atagwira chitseko cha ofesi yake.

Magalasi anaima chilili. Iyeyu anali mmisiri wowotcherera zitsulo, ndipo dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa magalasi akuda a kuntchito sankachoka pamphumi pake. Anamuyang'ana loyayo kuyambira kumutu mpaka kunsapato: mnyamata wamtali, mano oyera mbee, mafuta ake onunkhira mpaka pakhonde. Kenako anayang'ana mkazi wake, amene tsikulo anali atavala diresi yomwe ankapita nayo ku maukwati.

"Panja? Uyutu ndi mkazi wanga."

"Ndikudziwa, bambo. Koma mlandu ndi wawo. Pali zina zimene ndimafunsa munthu ali yekha."

"Tiye tizipita," anatero Magalasi akumukoka dzanja mkazi wake.

Nkhani inali yakuti mwamuna woyamba wa mkaziyo anali atapita kukhoti kufuna kutenga mwana, kamtsikana kamene Magalasi anakalera kuyambira kakukwawa, kamene kankamutcha adadi. Loya wachinyamatayo anawalozera ndi achemwali ake a Magalasi, omwe anati anthu amamutama kuti sabisa chilungamo ndipo salonjeza zam'mwamba. Koma nsanje inali itamugwira pakhosi munthu wamkulu.

Anayamba kuzungulira yekha m'maofesi a maloya. Anthu ena posankha loya amafunsa za milandu imene anawina. Iye ankayang'ana nkhope. Wina anamukana chifukwa cha ndevu zometedwa bwino, wina chifukwa chosekerera kwambiri. Wamkazi yekhayo amene anamumva mbiri, yemwe akanathetsa vuto lonseli, anali pa tchuthi cha uchembere. Mapeto ake anapeza mdala wina wadazi, mimba yofika patebulo, ofesi yake ili pamwamba pa sitolo ya matayala. Mtima wa Magalasi unakhala pansi.

"Achimwene, kodi mukufuna loya kapena mlonda wa akazi anu?" anafunsa achemwali ake atamva. "Mwana akupita uku inu mukuyeza anthu mano."

Mawa lake Magalasi anakwera masitepe a ku ofesi ya mdala uja ndi mkazi wake.

"Khalani nonse, khalani nonse!" anatero mdalayo akukankha mafayilo pampando. "Ine sindibisa kanthu kwa mwini banja. Mlandu uwu tawina kale. Nanga mayi, ukwati woyamba uja unatha bwanji?"

Mkaziyo anayang'ana mwamuna wake, kenako manja ake.

"Tinangosemphana maganizo."

"Sankakuzunzani?"

"Ayi."

Mdalayo anayasamula, n'kunena kuti adzaonana kukhoti. Magalasi anatsika masitepe akuimba mluzu.

Atafika kunyumba, mkaziyo anangovula diresi ija n'kuyamba kuchapa yunifolomu ya mwana. Ankaitikita ngati yamulakwira.

"Mwanayu apita," anatero osadzutsa mutu.

"Apita bwanji? Loya wanena kuti tawina."

"Tawina ndi chiyani? Ndamuuza chiyani ine?"

"Nanga amene anakutseka pakamwa ndani?"

"Inuyo." Anafinya yunifolomu ija, madzi n'kumugwera kumapazi. "Chipsera cha paphewachi ndinakuuzani kuti ndinagwa pa njinga. Ine njinga sindinakwerepo. Pali zimene munthu uja anandichita zomwe ngakhale mayi anga sakuzidziwa, ndipo khoti likazimva silingamupatse mwana. Koma ndikazinena inu muli pompo, ndikukudziwani bambo a mwana, mutenga chitsulo n'kukamusaka. Inu kundende, mwana kwa iye. Ndiye ndipindula chiyani?"

Magalasi anafuna kukana, koma anaona kuti dzanja lake lakunga kale chibakera. Analitambasula pang'onopang'ono. M'nyumbamo kamtsikana kaja kankaloweza nyimbo ya kusukulu, kakulakwitsa malo omweomwewo.

Chinamupweteka kwambiri n'chakuti mnyamata wa mano oyera uja adzamva zimene iye, mwamuna wa m'nyumba, sadzazimva. Nsanje ya poyamba ija inali yamasewera. Iyi ndiyo inali yeniyeni, ndipo inalibe woti n'kumukalipira.

M'mawa Magalasi anasita yekha diresi ija n'kuiika pabedi.

Loya wachinyamata atawaona pakhomo sanakumbutse za tsiku lija. Anawapatsa moni, n'kunena kuti mlanduwo ndi wovuta, sangalonjeze kanthu asanamve zonse. Atatembenukira kwa Magalasi kuti alankhule, iye anamudula.

"Ndikudziwa. Panja."

Chitseko anatseka yekha. Anakhala pabenchi pafupi ndi tebulo la mlembi, mafuta aja akumufikabe m'mphuno. Posapita nthawi mawu a mkazi wake anayamba kumveka kuseri kwa thabwalo, otsika, oduladula, ndipo anaona kuti atangopendeketsa khutu akhoza kumva zonse. Ananyamuka n'kukakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, pafupi ndi zenera la kumsewu kumene magalimoto ankasokosa.

"Muli bwinobwino, bambo?" anafunsa mlembi.

"Kuwalaku," anatero Magalasi, n'kutsitsira magalasi akuda aja m'maso.