Thukuta la Adalaivala

Bodza la Adalaivala linayamba laling'ono kwambiri. M'mawa wina mpongozi wawo, mkazi wa mwana wawo wamwamuna, anawapeza kuseri kwa nyumba akuyanika nsalu ya pabedi imene anachapa okha. Anaima ndi ndowa m'manja n'kufunsa ngati kwagwanji.

"Thukuta, mayi," anatero Adalaivala. "Usiku thupi langali limatentha ngati injini."

Silinali thukuta. Chimwalirireni mkazi wawo, ana anawatenga kuti azikhala nawo, ndipo miyezi yapitayi thupi linayamba kuwapandukira. Ankadzuka m'mawa pabedi patanyowa, osadziwa n'komwe kuti zachitika nthawi yanji. Munthu amene anayendetsa basi moyo wake wonse, maulendo ataliatali, okwera akuchita kumuchonderera kuti aime akadzithandize iye ali phee pachiwongolero, lero n'kumakodza pabedi ngati khanda. Nkhani yotere akanaiyamba bwanji, ndipo akanauza yani? Pansi pa nsalu ankayala chijasi chawo chakale cha mvula chimene anachidula manja, koma chinkatsetsereka, ndipo matiresi a siponji ankamwa zonse mwakachetechete. Anawatembenuza. Kenako anawatembenuzanso, mpaka mbali yabwino inasowa.

Mpongoziyo ndi telala, amasokera pakhonde, ndipo si munthu wa mafunso ambiri. Anangoti pepani n'kupitiriza ulendo wake wa kumpopi. Vuto linali mwamuna wake. Ameneyu anthu amamutcha Injiniya ngakhale amagwira ntchito mu ofesi ya inshulansi, chifukwa chibadwire sanaonepo chinthu n'kuchisiya osachikonza, ngakhale chabwinobwino. Atangomva kuti bambo ake akuvutika ndi thukuta, maso anachita kuwala. Sabata yonseyo mutu unali pa foni, ndipo nthawi ya chakudya banja lonse linkaphunzitsidwa za matiresi, lifune lisafune.

"Siponji imasunga kutentha, Ababa. Inu mukugona mu uvuni. Pakufunika matiresi achilengedwe, opuma. A thonje, kaya a ulusi wa makoko a kokonati, kaya a utomoni wa mtengo."

"Ndinawazolowera omwe alipowa, iwe."

"Ndiye mwazolowera kuvutika. Loweruka tikupita kukasankha."

Adalaivala anayang'ana m'mbale mwawo. Mwana amene akukufunira zabwino sungamukalipire, ndipo n'chimene chinkawapweteka kwambiri.

Sitolo ya matiresi inali yaitali ndi yopapatiza, matiresi ena ataimikidwa m'khoma, ena atayalidwa pamabedi pakati penipeni pomwe aliyense wolowa amadutsa. Wogulitsa anali mayi wansangala, wa mawu oti akamanong'ona amamveka mpaka pamsewu. Injiniya asanamalize moni anali atafotokoza kale zonse.

"Bambo angawa amatuluka thukuta usiku moti nsalu amachita kufinya."

"Ayi, mwafika pamalo pake!" anatero mayiyo. "Agogo, vulani nsapato mugonepo. Matiresi sagulidwa ndi maso, amagulidwa ndi msana."

Panalibe kothawira. Adalaivala anavula nsapato, n'kugona chagada pa matiresi a kokonati, manja pachifuwa, anthu ogula akudutsa n'kumawasuzumira. Anali olimba ngati mpando wa basi yakale. A utomoni anali ofewa koma ankawabweza akangogwedezeka pang'ono. Kenako anawagoneka pa a thonje, oyera mbee, onunkhira nsalu yatsopano, ndipo apa m'pamene mantha anawagwira. Anakumbukira tiyi amene anamwa m'mawa. Anaumitsa thupi lonse, miyendo ataipanikiza, osafuna ngakhale kupuma mokoka. Thukuta lenileni linayamba kutsika m'khosi.

"Mwaona?" anatero Injiniya monyadira, akuloza chipumi cha bambo ake. "Ndi masana anotu. Ndiye muganize usiku."

Podzuka, maso a Adalaivala anagwera pakona. Kumeneko kunali matiresi ena abuluu, okutidwa ndi pulasitiki wokhuthala, opanda msoko pamwamba. Oterowo munthu ungowapukuta ndi kansanza, nkhani yatha, palibe angadziwe. Mtima wawo unapita konko.

"Nanga awo?" anafunsa ngati sizikuwakhudza.

Mayi uja anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Amenewo, agogo, ndi a m'zipatala ndi ana okodza pabedi. Inu pamenepo mungaphikike wamoyo."

Injiniya anaseka nawo. Adalaivala nawonso anaonetsa mano, poti nanga akanatani, koma makutu ankangolira. Anawerama n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato, ndipo anazimanga nthawi yaitali.

Anasankha a thonje, kapena tinene kuti Injiniya ndiye anasankha. Wogulitsa anapereka malangizo ake mokweza monga mwa nthawi zonse. Thonje limapuma, limamwa thukuta n'kuuma lokha. Masiku ena aziwatulutsa padzuwa n'kuwamenya ndi ndodo kuti lisaumbike. Koma madzi ayi, likanyowa mpaka m'kati limachita nkhungu. Ndipo asayerekeze kuyalapo pepala la pulasitiki ngati amachitira anthu ena, kumeneko n'kuwatseka mphuno matiresi.

"Madzulo ano onyamula katundu athu abweretsa," anamaliza. "Akalewo muwatulutsire pakhomo, atenga. Ndi mmene timachitira kuno. Timawasenda nsalu, siponjiyo n'kuiduladula kupangira makushoni."

Adalaivala anatembenukira mwana wawo.

"Akalewo ndikuwafunabe," anatero.

"A chiyani, Ababa? Chipinda chanu n'chaching'ono. Apite basi."

Ulendo wobwerera Injiniya ankalankhula za mapilo, koma bambo ake sankamva kanthu. Ankangoona amuna achilendo akukoka nsalu pabedi pawo, mawanga achikasu aja ali poyera, fungo likutuluka m'chipinda kudutsa pabalaza, mwana wawo ataima pomwepo, aneba akusuzumira pampanda. Anaganiza zoti akangofika awakokere matiresiwo kuseri n'kuwayatsa moto. Koma ndi msana uti? Ndipo utsi wa siponji ukanaitana anthu a mumsewu wonse.

Atafika, Injiniya anatsalira pagalimoto akuyankha foni. Adalaivala analowa m'nyumba mofulumira kuposa mmene mawondo awo ankalolera, n'kukankha chitseko cha chipinda chawo.

Pabedi panalibe matiresi. Matabwa anali atapukutidwa, pansi pokolopedwa, zenera lili chitsegulire. Pampando panali chijasi chawo cha mvula chodula manja chija, chochapidwa, chopindidwa bwinobwino.

Anakhala pamatabwapo. Manyazi amene anawagwira sanawamvepo chibadwire. Mpongozi wawo, mwana wa eni ake, amene sankamulola n'komwe kuwachapira masokosi, wagwira zimenezo ndi manja ake. Anafuna kuti pansi pang'ambike alowe. Anakhala choncho mpaka anamva makina osokera akulira pakhonde, ndipo anadzikoka kupita komweko chifukwa munthu sungakhale m'chipinda mpaka kalekale.

Matiresi akale anali atatsamira khoma la pakhonde, atakutidwa ndi makatani akale a pabalaza. Anali atasokedwa mbali zonse ndi ulusi wokhuthala, misoko yothinana moti chala sichikanalowa. Mpongozi wawo anali pamakina, maso ali pa siketi ya kasitomala.

"Ndati ndiwasokere m'nsalu kuti asamwaze fumbi m'nyumba, Bambo," anatero osadzutsa mutu.

"Mwachita bwino, mayi."

Kuthokoza kupitirira apo kukanakhala kuvomera, ndiye anangoima n'kumayang'ana kumsewu.

Onyamula katundu anafika dzuwa litapendeka. Analowetsa matiresi atsopano, n'kubwera kudzanyamula akale. Mmodzi wa iwo, wandevu, atangowakweza paphewa anakwinya mphuno.

"Koma ndiye akulemeratu. Anagwera mumtsinje?"

"Ndinatayirapo ndowa ya madzi okolopera," anayankha mpongoziyo, phazi lili pamakina. "Manja angawa ngoterera."

"Iwenso nawe," anatero Injiniya akupukusa mutu.

Galimoto itakhota pakona, Adalaivala anapuma. Kusitolo akakawasenda adzakhala pamulu wa ena, palibe adzadziwe mwini wake. Mwana wawo sanaone kanthu. Adalaivala anakhala pampando wa pakhonde n'kulandira kapu ya madzi, ngakhale anangonyowetsa milomo. Mpongozi wawo anazimitsa makina, n'kutenga nsalu zochapa kukayala pabedi.

Koma Injiniya ndi Injiniya. Chinthu chimene wagula yekha sangachisiye osachiyesa. Posakhalitsa anaitana bambo ake kuchipinda kuti adzaone zodabwitsa, n'kuitananso mkazi wake kuti adzachitire umboni. Bedi linali loyalidwa mooneka bwino, nsalu yoyera itakokedwa popanda khwinya.

"Lero mugona ngati mfumu, Ababa. Tamverani mmene akupumira."

Anamenya pakati pa bedi ndi chikhatho. Pansi pa nsalu panalira kuti tswaa.

Anamenyanso. Kenako anagwira nsaluyo pakona n'kuikoka. Pamwamba pa matiresi atsopano panali pepala la pulasitiki, lodulidwa molingana ndi bedi, m'mbali mwake mopindiridwa ndi nsalu yofewa kuti lisakande, m'makona muli timizere tansalu tomangira kunsi kuti lisatsetsereke. Sinali ntchito ya tsiku limodzi.

"Ichi n'chiyani?" Injiniya anatembenukira mkazi wake. "Ndikufunsa iwe. N'chiyani chimenechi?"

"N'chotetezera matiresi."

"Kuwateteza ku chiyani? Ndakhala ndikufotokoza sabata yonse patebulo paja, iwe unali kuti? Wogulitsa wachita kunena yekha kuti pulasitiki ayi. Ababa amva ndi makutu awo. Si choncho, Ababa?"

Adalaivala anali ataima pachitseko, dzanja litagwira felemu. 

Mkaziyo anapinda manja n'kuyang'ana pansi. Akanatha kuthetsa nkhaniyo ndi mawu ochepa chabe, koma sanatsegule pakamwa, ndipo kukhala chete kwakeko n'kumene kunamupsetsa mtima mwamuna wake.

"Ndikudziwa chimene chili mumtima mwako," anatero Injiniya, mawu akukwera. "Ukuona ngati thukuta la bambo anga lidetsa katundu. Matiresi ndiwo ofunika kwa iwe, munthu aziphikika momwemo. Chibwerereni bambo anga pakhomo pano sunawachapirepo ndi nsalu imodzi yomwe. Munthu wamkulu ngati uyu kumadzuka m'mamawa kukachapa yekha, iwe ulipo, manja uli nawo. Ndimaona ine, ndimangokhala chete. Akanakhala bambo ako ukanawagoneka papulasitiki?"

 Misozi inalengeza m'maso mwa mkaziyo, koma anaimeza. Sanayang'ane n'komwe kumene kunali apongozi ake, kuopa kuti maso okhawo angaulule.

Injiniya anagwada pakona ya bedi n'kuyamba kumasula kamzere koyamba.

Adalaivala anaona kuti akangokhala chete, zonse zitha bwinobwino. Pepalalo lichotsedwa, mwana wawo apitiriza kuwaona ngati bambo amene amangotentha thupi, ndipo mlandu wonse usenzedwa ndi mkazi amene waimayo, lero ndi masiku onse akubwera. Anamuyang'ana. Pachala chake panali bala latsopano la singano yaikulu.

"Usiye pomwepo," anatero.

"Ababa, inu simukumvetsa. Pulasitiki ameneyu..."

"Ndati usiye." Mawu anatuluka okhwima ngati a masiku a pabasi, kenako anasweka. "Si thukuta, mwana wanga. Ndimakodza pabedi. Papita miyezi."

 Kunja mwana wa aneba ankakankha chitini pamsewu, ndipo phokoso lake linamveka mpaka linazimiririka. Adalaivala sanathe kuyang'ana aliyense. Nkhope inkawatentha, ndipo ankayang'ana zala za mapazi awo ngati za munthu wina.

Injiniya anakhala chigwadire, kamzere kali m'manja.  Anayang'ana pepala lija, misoko yake yowongoka, makona ake oyezedwa bwino. Kenako pang'onopang'ono analowetsa dzanja kunsi kwa matiresi n'kuyamba kumanganso. Mfundo inakana, anayambiranso.

"Lolemba tipita kuchipatala, Ababa," anatero ali chiweramire, ngati akulankhula ndi matiresiwo. "Zimenezi madokotala amazidziwa. Ndipempha tchuthi kuntchito, tikaonane ndi..."

"Zachipatalazo tikamba," anatero Adalaivala. "Yamba wapepesa mkazi wako."