Dzanja la Mwana wa Telala

Kachete anali atakhaliranso dzanja lake lamanzere. Anzake onse a Sitandade 2 anali kalikiliki kulemba ziganizo, ena malilime ali panja, koma iye pensulo inkangomukanika m'dzanja lamanja. Pakope lake panali chilembo chimodzi chopendekeka ndi chibowo cha labala.

"Dzanja linalo walikhaliranji? Ndi mazira kodi, ukufungatira?" anafunsa aphunzitsi ake.

Ana anaseka. Kachete anangowerama, paja dzinali anzake sanamupatse pachabe. Aphunzitsi anamudzutsa pang'onopang'ono n'kulitulutsa dzanjalo. Pamkono panali mzere wofiira, ngati pomwe pamadutsa chingwe cha mbuzi.

Mtima unawapweteka, kenako anakwiya. Ahedi anali atanena kale kuti mwana wosatha kulemba chiganizo chakechake teremu ikamatha abwereza kalasi. Ndipotu Kachete sanali mbuli ayi. Kuwerenga ankawerenga bwinobwino, chomwe chinkakana ndi dzanja basi.

Ataweruka anamuperekeza mpaka pakhonde la sitolo pomwe bambo ake ankasokera. Anawapeza akupalasa makina, tepi ili m'khosi, amayi ena akudikira diresi yawo pabenchi.

"Takulandirani, Madamu. Mwabwera kudzayesa siketi, kapena ameneyu walakwa?" anatero telalayo.

"Siketi ndili nazo, a Telala. Ndabwera kudzafunsa za mzere uwu."

Bamboyo sanabise, ndipo sanachite manyazi. Analoza kansalu kobiriwira komwe kanali komangirira kumwendo wa tebulo.

"Ndimamumanga ndine, akamalemba homuweki. Kuwongola mtengo mpoyamba. Mwana wamkazi azipatsira anthu zinthu ndi lamanzere? Adzati makolo ake anali kuti?"

"Nanga chiyambireni kuwongolako, mtengo wanuwo walemba ziganizo zingati?"

Amayi a pabenchi aja anaseka chobisa. Telala anaimitsa makina.

"Madamu, inu phunzitsani zilembo. Mwambo wa pakhomo panga mundisiyire."

"Moni azipereka ndi lamanja, zimenezo sinditsutsa. Koma mayeso ali pafupi, ndipo ine sindilola kuti mwana wanzeru chonchi abwereze kalasi chifukwa cha kansalu. Pano sindichoka. Mukafuna mundisokere pabenchi pomwepa."

Anakhaladi, chikwama pamiyendo. Telala anapalasanso makina mwamkwiyo mpaka ulusi unaduka. Anaulowetsa, unadukanso. Aphunzitsi anali phee, akuyang'ana njinga zodutsa mumsewu. Munthu amene amakhala ndi ana odzaza kalasi tsiku lonse sungamutopetse ndi kukhala chete.

"Koma ndiye mwandikhalira pakhosi," anadandaula bamboyo pomaliza. "Chabwino. Alembe ndi manzere akewo tione. Zikakhala zokhotakhota zomwezija, nkhaniyi ithere pompano."

Aphunzitsi anatola choko cha telala, chija amalembera pansalu, n'kumupatsa mwanayo. Anasesa ndi phazi tizidutswa ta nsalu kuti simenti ioneke.

"Ndilembe chiyani?" ananong'ona Kachete.

"Chilichonse chomwe ukuchidziwa bwino. Uyambe wanena mumtima, ndiye dzanja litsatire. Pakati pa mawu uziika chala, pomaliza uike mpumiro."

Mwanayo anagwada. Anayang'ana bambo ake kaye, kenako anasamutsira choko kumanzere. Abale inu, dzanja lomwe lija linayenda ngati likudziwa njira yakwawo. Zilembo zinatuluka zonenepa, zoima bwino. Ankalemba mawu, kuika chala, kulembanso. Atafika kumapeto anadinda kadontho mwamphamvu mpaka choko chinathyoka.

Amayi a diresi aja anawerama n'kuyamba kuwerenga mokweza, koma anathera panjira. Pasimenti panalembedwa kuti: Atate akandimanga ndimaopa kulemba.

Aphunzitsi nawo anazizidwa. Iwo ankayembekezera za galu kapena za mpira, zomwe ana amalemba masiku onse, ndipo anamumvera chisoni bamboyo. Telala anawerenga, anabwerezanso. Anachotsa magalasi n'kuwapukuta ndi malaya nthawi yaitali.

"Chakhoza chiganizochi?" anafunsa.

"Chakhoza. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi."

Mwini sitolo anatulukira ndi tsache, akung'ung'udza kuti ana akumudetsera khonde. Telala anamutchinga ndi mkono.

"Apa musasesepo lero, achimwene."

Kenako anasuntha nsalu za makasitomala, n'kupukuta ngodya ya tebulo lake lodulira. Anakokera kampando kumbali yomwe chigongono chamanzere sichingagunde khoma.

"Bwera ukhale apa," anauza mwana wake. "Tulutsa kope. Madamu asanapite ulembe china, ndione ngati ndingapezekemo bwino."