Nambala ya Davie

Galimoto ya Laimoni inayamba kugogoda mvula itangosiya. Inali pikiapu yakale, ndipo ndi imene inkamudyetsa: ankanyamula mbatata ya kachewere kwa alimi a ku Dambe ndi ku Nsambe n'kukatula pa boma. Ikaponda pa dzenje, kutsogolo cha kumanzere kunkamveka gu! gu! Posakhalitsa chiwongolero nacho chinayamba kusewera. Ankachipotoza, matayala osayankha, kenako n'kudzayankha modzidzimutsa.

Aliyense amene anamudandaulira anamuuza chimodzimodzi: "Pitani kwa Davie." Amakaniko pa boma analipo angapo, koma za kunsi kwa galimoto ankazimva ndi Davie. Laimoni sanapiteko. Davie ameneyu anakhala pa chibwenzi zaka ziwiri ndi Falesi, mkazi wa Laimoni, asanapite ku Joni komwe anakaphunzira ntchitoyi. Pobwerako anapeza Falesi ali pa banja, mwana wake woyamba, Tione, ali kumsana. Panali patapita zaka khumi ndi ziwiri, Davie naye anakwatira, koma Laimoni akamadutsa pa galaja pake ankayang'anabe kumbali.

Ndiye anapita kwa makaniko wina, Gerishon. Iyeyo anadinikiza galimoto ndi manja, n'kuiona ikunjanja, nati vuto ndi mashoka, zitsulo zoletsa galimoto kunjanja. Anasintha mashoka onse awiri. Kugogoda sikunasiye.

Lachinayi lina m'mawa Laimoni ankatsika kuchokera ku Dambe, matumba ali tho kumbuyo, Falesi ali pambali pake. Atafika pa kona ya pamtsetse anapotoza chiwongolero, koma galimoto inangolunjika kuphompho. Anaponda buleki ndi mphamvu zake zonse. Inakaima tayala limodzi lili m'maudzu, fumbi lili koboo.

Falesi anatsika. Anaima pambali pa msewu n'kutulutsa foni m'chikwama.

"Halo, Davie? Ndi Falesi. Tili pamtsetse wa ku Dambe, galimoto yatsala pang'ono kutiponya kuphompho. Ungabwere?"

Laimoni anali adakali pa mpando. Koma chimene chinamulasa sichinali phompho lija. Falesi sanafunse nambala kwa aliyense. Inali kale m'foni mwake.

Patatha ola limodzi Davie anafika pa njinga yamoto, bokosi la masipanala atamangirira kumbuyo. Anali atanenepa, imvi zikuyamba m'ndevu, koma kayendedwe kake kanali komwe kaja kosathamanga.

"Mwadzuka bwanji a Laimoni? Pepani ndi zimenezi." Kenako anatembenuka. "Fale, sunavulale?"

"Ayi, mantha okha."

Fale. Laimoni mwini wake, m'nyumba mwake, ankati mayi a Tione.

Anaibweza galimoto pamalo osatsetsereka, n'kuika miyala kumatayala. Davie sanafulumire kutsegula bokosi lake. Anagwada n'kupapasa tayala lakutsogolo la kumanzere, cham'kati.

"Taonani. Kunjaku mano alipo, m'katimu mwasalala ngati mbale. Layenda mopendekeka nthawi yaitali limeneli."

Anakweza galimoto ndi jeke. Anagwira tayala uku ndi uku, n'kuligwedeza: ke, ke. Analigwiranso pamwamba ndi pansi: gu, gu. Phokoso lomwe lija limene Laimoni analimva miyezi itatu.

"Fale, takwera ugwire chiwongolero. Uzichigwedeza pang'onopang'ono, kumanja, kumanzere. Ayi, osati choncho, ukufuna kuchizula kodi?"

Falesi anaseka. Chinali chiseko cha mtsikana, chotuluka chokha, ndipo Laimoni sanathe kukumbukira tsiku lomaliza limene iye anamuseketsa chonchi.

"Mayi a Tione, tsikani. Chiwongolero ndigwira ndine. Galimotoyi ndi yanga."

"Ayi a Laimoni," anatero Davie ali chigonere kunsi. "Inu ndikukufunani kuno. Bwerani mudzamve nokha."

Kukana kukanaoneka ngati mantha. Laimoni anagona m'fumbi, phewa lake likukhudza la Davie. Davie anamugwira dzanja n'kuliika pa kamfundo kachitsulo kumapeto kwa ndodo yolumikiza chiwongolero ndi tayala.

"Iyi ndi tairodi. Fale, gwedeza. Mukumva?"

Anamva. Ndodoyo inkasuntha yokha, kamfundo kaja kakudumpha m'malo mwake tayala lisanatsatire. Kalabala kophimba kanali katang'ambika, girisi yense atatha, m'kati muli dothi lofiira.

"Ndiye apa pansipa pali bolojointi, imene imagwira tayala kuti liime chilili. Nayonso yatha. Mashokawa ndi abwino, sanalakwe kanthu. Koma imodzi mwa ziwirizi ikanazuka pakona paja, tayala likanagona, ndipo bwenzi tikukamba zina."

Davie ananena izi mosanyada, ngati akuuza munthu kuti kunja kukuzizira. Laimoni akanakonda akanamunyoza, kuti apeze pomuyankhira. Anadzuka n'kudzisansa fumbi.

"Zikomo. Tsitsani jekeyo. Ndiyenda pang'onopang'ono mpaka pa boma, akaione Gerishon."

Davie anamuyang'ana kanthawi, kenako anatsitsa jeke. "Galimoto ndi yanu. Koma ine sindingaikwere."

"Inenso ayi," anatero Falesi, n'kukhala pa mwala. "Ngati mukufuna kupita, pitani nokha, bambo a Tione."

Awiri mbali imodzi, iye yekha mbali ina. Laimoni anakwera n'kuliza injini. Anagwira chiwongolero, ndipo chinasewera m'manja mwake. Tsopano ankadziwa chimene chikuchitika kunsi, zala zake zinali zitachikhudza. Kumunsi kwa mtsetse amayi atatu ankakwera, mitolo ya nkhuni ili pamutu, akuyenda m'mphepete momwemo mwa msewu. Anawayang'ana mpaka anayandikira. Kenako anathimitsa injini.

"Zitsulozo muli nazo?" anafunsa osamuyang'ana Davie.

"Ndili nazo ku galaja. Ndikubwera."

Njinga itatsika, kunangotsala mphepo ndi awiriwo. Laimoni anatsamira galimoto.

"Nambala yake munaipeza kuti?"

"Pa chikwangwani cha pa galaja pake."

"Liti?"

"Tsiku lija munabwera kuchokera kwa Gerishon, galimoto ikugogodabe. Ndinaona kuti inu simudzapitako, ngakhale itakupherani ana."

"Ndiye mwakhala mukuimbirana, eti?"

"Lero ndi koyamba. Foni ndi iyi, onani."

Sanaitenge. Ankafuna kuitenga, dzanja linachita kuyabwa, koma sanaitenge.

"Nanga zoti Fale, Fale?"

"Theka la anthu a ku Magaleta amanditchula Fale. Ndinakulira komweko. Inunso munkanditchula choncho, munasiya nokha."

Laimoni anapita kumbuyo n'kuyamba kumanganso zingwe za matumba, zomwe zinali zomangika kale.

Davie anabweranso dzuwa litapendeka. Ntchito inatenga maola awiri, ndipo Laimoni ndi amene ankamupatsira masipanala, kuti Falesi asayandikire. Pamene Davie ankamenya bolojointi yakale ndi hamala, inagwa n'kugawika pawiri. Onse atatu anaiyang'ana ili m'fumbi.

"Ndayerekeza ndi maso chabe," anatero Davie akupukuta manja. "Mubwere nayo ku galaja Lolemba tidzawongole matayala bwinobwino. Ndipo la kumanzereli musinthe."

Anatsika phirilo Davie ali patsogolo. Chiwongolero chinali chitalimba, galimoto ikumvera ngati yatsopano, pa dzenje paliponse kuli zii. Laimoni ankayembekezera kaphokoso kalikonse, koti akanene kuti munthuyu nayenso amalephera. Sikanamveke. Ankabera kuyang'ana Falesi kuti aone ngati maso ake akutsatira njinga ija. Falesi ankasenda nachesi, makoko akuponya pawindo. Anamupatsa theka.

"Lolemba ndipita nawo," anatero. "Nsalu ndimakagula lero ija sindiipezanso, masitolo akhala atatseka."

"Ndikakugulirani ine," anayankha Laimoni.

"Inu? Mtundu wake mukuudziwa?"

"Mundiuza."

Falesi anapukusa mutu n'kuyang'ana panja. Laimoni anatafuna nachesi lija, n'kuchepetsa liwiro kuti njinga ya Davie italikire.